Tayala latupa m'mbali: ndigule awiri atsopano kapena anayi a kaunjika?

Nachisale_47:
Moni nonse akuluakulu. Ndithandizeni nzeru pa nkhani ya matayala. Ndili ndi Toyota Sienta ya 2010 imene ndinaitanitsa ku Japan chaka chatha, ndipo inabwera ndi matayala ooneka bwino, mano ake akuya ndithu. Loweruka pochokera ku Salima ndinamenya dzenje, tsopano tayala lakutsogolo kumanzere latupa m'mbali, chotupa chake ngati dzira la nkhuku. Mpweya silikutaya. Anyamata opopa matayala akuti angathe kumata chigamba mkati, n'kuikamo chubu, ndiziyendabe. Wina akuti ndingolisamutsira kumbuyo. Ndalama zimene ndili nazo zikukwana matayala awiri atsopano, kapena anayi a kaunjika n'kutsalako pang'ono. Galimotoyi ndimaperekezera ana kusukulu m'mawa uliwonse, ndipo mwezi wamawa ndili ndi ulendo wa ku Mzimba kukaona amayi. Nditani abale?

MakanikoWaBiwi:
Achemwali, tisanafike pa zogula, tayala lotupalo lichotseni lero lomwe. Mkati mwa khoma la tayala muli ulusi wolukanalukana, ndiwo umagwira mpweya ndi kulemera kwa galimoto. Mutamenya dzenje lija, khomalo linapanikizika pakati pa limu ndi mlomo wa phula, ulusi wina n'kuduka. Chotupa mukuchionacho ndi mpweya ukukankha labala yekha, wopanda chomugwira. Chigamba chimatseka bowo, sichilumikiza ulusi woduka. Chubu nachonso chimangosunga mpweya, mphamvu ya khoma sichibweza. Tayala lotere limaphulika likatentha, ndipo limatentha kwambiri pa ulendo wautali galimoto itanyamula, monga wa ku Mzimba mukunenawo.

Za kulisamutsira kumbuyo ndiye ayi ndithu. Lakutsogolo likaphulika mumakhalabe ndi chiwongolero m'manja, mungathe kulimbana nacho. Lakumbuyo likaphulika muli pa liwiro, kumbuyo kwa galimoto kumathawira kumbali, ndipo ambiri amagubuduzika pamenepo.

Ikani sipeya. Ngati ndi kaja kakang'ono kowonda, kapopeni mpweya wokwana 60 psi monga palembedwera pa iko komweko, musapitirire 80 km pa ola, ndipo muziyendera m'tauni mokha mpaka mutagula lina. Pochotsa lotupalo auzeni ayang'anenso limu ngati sinapindike mkati, mbali imene simuiona galimoto ili chiimire.

Tsabola:
Za chotupazo ndikuvomereza, koma pa zogula ine ndiimira kaunjika. Probox yanga yakhala ikuyendera kaunjika chiigulire, Lilongwe mpaka Mchinji ndi katundu, ndipo palibe limene linandiphulikirapo. Tayala la Bridgestone kapena Dunlop limene layendako pang'ono ku Japan ndi lolimba kuposa latsopano la dzina losadziwika. Ndipo tinene zoona, chigwereni kwacha mu Novembala 2023, ndi angati pagulu pano amene agulapo anayi atsopano tsiku limodzi? Gulani anayi a kaunjika mayi, zotsalazo muthire mafuta.

Mai_a_Mapasa:
A Tsabola, inu mumanyamula matumba a mtedza, mayiwa akunyamula ana. Musafananize.

DalaivalaWakale:
Tisanayambe kukangana, a Nachisale, pitani pa galimotopo ndi tochi ya foni muwerenge zolembedwa m'mbali mwa matayala onse anayi, osati lotupa lokhalo. Ndikufuna zinthu zitatu.

Choyamba, manambala akuluakulu aja, monga 175/70R14, ndi nambala ndi chilembo zotsatira pambuyo pake. 175 ndi m'lifupi mwa tayala m'mamilimita, 70 akutanthauza kuti kutalika kwa khoma ndi magawo 70 pa 100 a m'lifupimo, 14 ndi kukula kwa limu m'mainchi.

Chachiwiri, fufuzani manambala anayi ali m'kabokosi kozungulira, nthawi zambiri pafupi ndi limu. Mukawasowa kunja ndiye kuti ali mbali yamkati. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene tayalalo linapangidwa. Mwachitsanzo 0822 ndi sabata ya 8 ya chaka cha 2022.

Chachitatu, onani ngati pali mawu oti STUDLESS, kapena kachizindikiro ka phiri la nsonga zitatu kokhala ndi kanyenyezi ka chipale chofewa (snow) mkati. Mwanena kuti galimoto inabwera ndi mano akuya, ndipo zimenezo n'zimene zandichititsa kufunsa.

Nachisale_47:
Ndaona bambo. Onse anayi alembedwa 175/70R14 84Q. Mawu a STUDLESS alipodi. M'kabokosi muli 4114 pa atatu, limodzi sindikuliona bwino koma ndi lofanana ndi anzakewo. Ndaonanso timing'alu ting'onoting'ono m'mbali, timene sindinkationa ndisanawalitse tochi.

DalaivalaWakale:
Ndiye kuti vuto lanu si tayala limodzi mayi, ndi onse anayi. 4114 ndi Okutobala wa 2014, matayalawo adutsa zaka 10. Ngakhale opanga matayala eni ake, monga Michelin, amati tayala likakwana zaka 5 liziyang'aniridwa chaka ndi chaka, likakwana zaka 10 lichotsedwe ngakhale mano akadalipo. Labala amauma ndi zaka, kaya galimoto ikuyenda kaya ili pagalaja. Timing'alu mwationato ndi umboni wake.

Kuwonjezera apo, STUDLESS ndi tayala la nyengo ya chipale. Kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, anthu amavala amenewa m'miyezi yozizira n'kuwavula kukafunda. Mwini galimoto akafuna kuigulitsa, nthawi zambiri amaisiya ndi akale amene sakuwafunanso. Mayina ake ndi monga Blizzak, iceGUARD ndi Winter Maxx. Kwawoko ndi matayala abwino kwambiri pa ntchito yake. Labala wake anamupanga wofewa kuti asaume pozizira, ndipo mano ake ali ndi timizere tambirimbiri todulira madzi oundana. Muwaike pa phula la ku Salima mwezi wa Okutobala: labala amafeweratu, tayala limadyeka msanga, ndipo mukaponda mabuleki galimoto imatenga mtunda wautaliko isanaime, makamaka phula likanyowa. Q mwawerengayo ndi malire a liwiro, 160 km pa ola, pomwe matayala wamba a galimoto yotereyi amakhala S kapena H. Inu simudzathamanga choncho, koma chilembocho chikukuuzani kuti tayalali silinapangidwire kutentha.

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti STUDLESS amabadwa ndi mano akuya kuposa tayala wamba. Munthu akaliona pa mulu wa kaunjika amati wapeza latsopano.

Kamtedza:
Iii, ndathamangira panja nditawerenga izi. Nissan Note yanga ilinso pa STUDLESS kumbuyo, ndipo ndinachita kuwasankha ndekha pa mulu chifukwa cha mano omwewo. Wogulitsayo sananene kanthu.

Tsabola:
Chabwino madala, pa STUDLESS mwandiphunzitsa. Komatu zimenezo sizikupha kaunjika yense. Pa mulu womwewo pamakhala a 2021, a 2022, ochotsedwa ku magalimoto angozi kapena ophwasulidwa. Vuto ndi kusadziwa kusankha, osati kaunjikayo.

Wa_ku_Leeds:
Ndiwonjezereko za kuno ku UK, poti matayala akale amagulitsidwanso kuno. Lamulo limati mano asachepere mamilimita 1.6, ndipo akakupeza ndi lakutha chindapusa chimatha kufika £2,500 pa tayala limodzi, kuphatikizapo mapointi atatu a chilango pa laisensi. Wogulitsa tayala logwiritsidwa kale ntchito ayenera kulidinda mawu oti PART-WORN ndipo likhale ndi mano osachepera mamilimita 2. Ndiye funso limene ndimadzifunsa ndi ili: limene lakanika kugulitsidwa pa malamulo otere limapita kuti? Sindikunena kuti onse ofika kwathu ndi otero, koma wogula kumudzi alibe womuteteza kupatula maso ake. Pa tayala lililonse pali timapiri ting'onoting'ono m'kati mwa ngalande za mano. Mano akafanana ndi timapirito ndiye kuti afika pa 1.6 paja, tayala latha.

MakanikoWaBiwi:
A Tsabola akunena zoona pang'ono, ndipo sindingawatsutse kotheratu chifukwa makasitomala anga ambiri amayendera kaunjika. Koma posankha pamafunika kudekha, osagula muli m'galimoto injini ikulira.

Musagule tayala lili kale pa limu kapena lopopedwa kale. Ligwireni lili lopanda kanthu, mulowetse mutu ndi dzanja mkati. Mukapeza zigamba pafupi ndi khoma, lisiyeni; kumata kovomerezeka ndi kwa pakati, pamene pamaponda pansi. Mukapeza fumbi lakuda la labala kapena mzere wopsa kuzungulira mkati, ndiye kuti linayendetsedwa litaphwa, ulusi wake unatha kale. Pindani khomalo ndi manja muone ngati ming'alu ikutseguka. Onani mlomo umene umagwira limu ngati sunang'ambike pochotsa.

Ndipo chenjerani ndi matayala osema. Pali anyamata ena amatenga lakutha n'kukumba ngalande zatsopano ndi mpeni wamoto, kenako n'kupaka polishi. Mukayang'anitsitsa, ngalande zake zimakhala zosafanana kuya, timapiri tija a ku Leeds anenato kulibe, ndipo pena waya amaonekera pansi. Osema ovomerezeka ndi a magalimoto akuluakulu okha, monga malole ndi mabasi, olembedwa REGROOVABLE, chifukwa amakhala ndi labala wapadera wochuluka. La galimoto yaing'ono mukalisema mwafika pa waya.

Pomaliza, uzani wogulitsa kuti mulipira akalipopa n'kuliika pa makina a balancing, oyesera ngati wilo likuzungulira mosanjenjemera. Lopindika limaonekera pamenepo.

Angoni_a_ku_Ntcheu:
Bwanji palibe akunena za atsopano otsika mtengo a ku China? Masiku ano adzaza m'masitolo a ku Limbe ndi ku Area 2. Mtengo wake uli pakati, sufika pa mayina akuluakulu aja. Ine ndinavala anayi pa Vitz ndipo mvula ziwiri zadutsa ndikuyenda. Sakhalitsa ngati a mayina otchuka, ndipo ena amalira pa phula, koma ndi atsopano: palibe anawamenyetsapo dzenje, palibe chigamba, chaka chake mukuchiona. Kwa munthu wonyamula ana, ine ndingasankhe latsopano la dzina laling'ono kusiyana ndi la dzina lalikulu limene mbiri yake sindikuidziwa.

Jombo:
Angoni, ine a ku China anandithera chaka chisanathe. Sindidzabwereranso.

Angoni_a_ku_Ntcheu:
Anatha bwanji achimwene? Ponseponse mofanana, kapena mbali yamkati yokha? Ngati ndi mbali imodzi, mlandu si wa tayala. Alignment, kulunjika kwa mawilo, inali itasokonekera, ndipo ngakhale mukanavala lodula chotani likanadyeka chimodzimodzi.

Jombo:
Mkati mokha, akutsogolo onse awiri. Ndipita nayo akaione.

Nachisale_47:
Zikomo nonse, mutu wanga wayamba kutseguka koma thumba silinasinthe. Anayi atsopano, ngakhale a ku China, sindikwanitsa mwezi uno. Nditati ndagula awiri atsopano, awiri enawo n'kusiya a STUDLESS omwewa mpaka mwezi wina, zingatheke? Ndipo atsopanowo ndiike kutsogolo kapena kumbuyo?

Chule_wa_pa_M1:
Kutsogolo mayi, palibe chofunsa apa. Sienta imakoka ndi mawilo akutsogolo, injini ili kutsogolo, chiwongolero chili kutsogolo, mabuleki ambiri amagwira kutsogolo, ndipo dzenje limayamba kukumana ndi lakutsogolo. Ndakhala pa msewu zaka zambiri ndipo dalaivala aliyense amene ndimamudziwa amatero.

MakanikoWaBiwi:
A Chule, ambiri amaterodi, ndipo zifukwa mwatchulazo ndi zoona, koma opanga matayala amalangiza kuti awiri abwino apite kumbuyo, ngakhale pa galimoto yokoka kutsogolo. Chifukwa chake chili pa msewu wonyowa. Akutsogolo akayamba kuterera pakona mumamva pa chiwongolero, mumachotsa phazi pa mafuta, galimoto n'kubwerera m'njira. Akumbuyo akaterera simumva chilichonse mpaka galimoto itatembenuka, ndipo kuibweza pamenepo n'kovuta ngakhale kwa dalaivala wodziwa.

Koma kwa achemwaliwa nkhani yaikulu si imeneyo. Kusakaniza awiri wamba ndi awiri a STUDLESS a zaka 10 ndiko sindikugwirizana nako. Kagwiridwe kawo ka msewu n'kosiyana kwambiri, mbali imodzi ya galimoto izigwira, ina izitsetsereka. Ndiponso atatu otsalawo ndi a msinkhu umodzi ndi lotupalo, dzenje lotsatira lidzatupitsa lina. Maganizo anga: awiri atsopano otsika mtengo, awiri a kaunjika wamba osapitirira zaka 4 kapena 5, osankhidwa monga ndanenera. Awiri a pa ekiselo imodzi akhale ofanana dzina, kukula ndi mano.

Chule_wa_pa_M1:
Opanga matayalawo amayesera pa misewu yawo yosalala. Kuno chimene chimatipha ndi dzenje, osati kona yonyowa. Ine lakutsogolo lofooka sindingayende nalo usiku pakati pa Kasungu ndi Jenda. Ndikhalabe pa mawu anga.

DalaivalaWakale:
Nonse awiri mukuopa chinthu chenicheni. A Chule akuopa kuphulika, a Makaniko akuopa kuterera. Ine ndinganene kuti tayala limene mukuliopa kuliika kutsogolo musaliikenso kumbuyo, lisakhale pa galimoto n'komwe. Onse anayi akakhala odalirika, atsopanowo apite kumbuyo monga a Makaniko anenera, ndipo pakapita makilomita 8,000 kapena 10,000 muziwasinthanitsa kuti azitha mofanana. Mvula ikayamba, otsetsereka a ku Dedza ndi ku Chikangawa amanyowa ngati kwina kulikonse, a Chule, kona yonyowa kuno iliponso.

Mphwanga_wa_Passo:
Pepani akuluakulu, ndilowereko ndi langa poti odziwa asonkhana pano. Ndikugulitsa Passo yanga. Wapezeka munthu akufuna, koma akuti andipatse theka la ndalama lero, atenge galimoto, theka linalo adzamalize pakatha miyezi iwiri. Akuti blue book ndisunge ine ngati chikole. Ndi mnzake wa mlamu wanga, si mlendo kwenikweni. Zili bwino?

Mlembi_wa_Kanengo:
Sizili bwino achimwene. Blue book ili m'manja mwanu sikuyendetsa galimoto, woyendetsa ndi iyeyo. Kwa miyezi iwiriyo galimoto ili m'dzina lanu koma makiyi ali kwa wina. Ikagunda munthu, ikagwidwa itanyamula zosayenera, ikasiyidwa pamalo a ngozi, apolisi akafufuza nambala atulukira kwa inu. Inshuwalansi nayonso ili m'dzina lanu, ndipo ingathe kukana kulipira ikadziwa kuti galimoto munaipereka kwa wogula osawauza. Tsono iyeyo akaiphwanya mwezi woyamba, theka lotsalalo mudzalitenga kwa ndani? Mudzayamba kuyenda kwa mlamu wanu, chibale n'kuwonongeka.

Ngati akufunadi, apereke theka lakelo ngati chikole, mulemberane kalata yokhala ndi nambala ya galimoto, nambala ya chassis, nambala ya injini, mtengo wonse, tsiku lomalizira, ndi mboni ziwiri. Galimoto ikhale kwa inu. Akamaliza, mupitire limodzi ku Road Traffic tsiku lomwelo mukasinthe umwini, kenako mumupatse makiyi. Ndalama alipire kudzera ku banki kuti pakhale umboni, ndipo muone kuti zalowadi mu akaunti yanu, osakhulupirira chithunzi cha pa WhatsApp.

Ndipo kwa ogula amene akuwerenga: dzina la pa blue book lifanane ndi la pa chiphaso cha munthu amene akukugulitsaniyo. Akanena kuti "ndinagula kwa wina koma sitinasinthe", muuzeni ayambe wasintha kaye. Funsaninso ngati inalowa m'dziko mwaulere wa msonkho, chifukwa galimoto yotero ikamagulitsidwa a MRA amayenera kudziwa, ndipo msonkhowo ungadzagwere inu.

Mai_a_Mapasa:
Mverani a Mlembi. Mchimwene wanga anagula Honda Fit kwa munthu wopemphera naye, analipira zonse, koma zosintha dzina ankangoti mawa, mawa, blue book ikubwera. Tsiku lina anthu a kampani ina yobwereketsa ndalama anafika ndi zikalata, galimotoyo inali chikole cha ngongole imene mwini wake woyamba anasiya kubweza. Anaitenga pakhomo ana akuona. Wogulitsayo anali atasamuka kale. Mpaka lero nkhani ili kukhoti, ndipo mchimwene wangayo akukwera minibasi. Blue book yeniyeni ikapanda kuoneka tsiku logulalo, ndalama zanu zisatuluke.

Kamtedza:
Poti tafika pa zogula, ndionjezere za mtunda. Galimoto ya 2010 yolemba makilomita 48,000 pa dashibodi musaikhulupirire msanga. Pemphani export certificate, chikalata chotulutsira galimoto ku Japan. Kumeneko galimoto imayezedwa ikakwana zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo pa pepalalo amalembapo mtunda umene inali itayenda pa kuyezedwa kwaposachedwa. Pepala likanena 96,000 koma dashibodi ikunena 48,000, mwadziwa. Zaka zake zimasokoneza chifukwa amawerengera ufumu wa mfumu yawo: pa chaka cha Heisei muwonjezere 1988, ndiye Heisei 22 ndi 2010, Reiwa muwonjezere 2018. Onaninso kunsi kwa galimoto. Imene yabwera itavala STUDLESS mwina yachokera kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chipale, ndipo mchere umadya chitsulo. A Nachisale, yanuyo ikakwezedwa mmwamba muisuzumire dzimbiri.

Mphwanga_wa_Passo:
Ndamva akuluakulu. Ndamuyimbira, ndamuuza kuti galimoto ituluka ndalama zikakwana. Wati aganiza kaye.

Woyang'anira_Gulu:
Nkhani ya blue book ndi yofunika, amene akufuna kuipitiriza aiyambitse payokha kuti ena adzaipeze mosavuta. Pano tibwerere kwa a Nachisale ndi matayala awo.

Sienta_Taxi_Mponela:
Ine Sienta ndi munda wanga, ndiye ndinenepo za katundu. 84 yomwe mayi awerenga ija ndi kulemera kumene tayala limodzi lingasenze, makilogalamu 500. Galimoto yokhayo ili pafupifupi makilogalamu 1,200 musanakweremo. Ulendo wa kumudzi timaudziwa: popita shuga, sopo ndi anthu asanu ndi awiri, pobwera matumba a chimanga ndi mbatata, zonse kumbuyo. Pogula musatsike pa 84, ndipo wina asakunyengeni kuti 175/65R14 ndi chimodzimodzi poti ikulowa pa limu. Khoma lake ndi lalifupi, nambala ya katundu nthawi zambiri ndi 82, ndipo galimoto imatsika pang'ono, pomwe Sienta ndi yotsika kale pa misewu yafumbi.

Jombo:
Nanga mpweya tiziika wochuluka bwanji? Anyamata a pamsewu amangoika 40 pa galimoto iliyonse, akuti kuti isadye mafuta.

MakanikoWaBiwi:
Tsegulani chitseko cha dalaivala, pa mzati pali kapepala komatidwa. Ngakhale kali m'Chijapanizi, manambala mungawerenge. Amalemba mu kPa: pakalembedwa 230, pa geji ya bar ndi 2.3, pa geji ya psi ndi 33. Nambala ya MAX PRESS yolembedwa pa tayala ija si yoti muziika, ndi malire amene tayala lingapirire. Mukachulutsa mpweya tayala limaponda ndi pakati pokha, limadyeka pakati, ndipo kugunda konse kwa msewu kumapita ku mashoko ndi mabushi. Mukachepetsa limadyeka m'mphepete monse muwiri, limatentha, ndipo pa dzenje khoma limapanikizika mosavuta, chimene mwina chinachitikira achemwaliwa. Yezani m'mawa galimoto isanayende mtunda, chifukwa tayala lotentha limaonetsa mpweya wochuluka, ndipo musatulutse mpweya pa tayala lotentha poganiza kuti wachuluka. Mageji a pamsewu ambiri anagwa kangapo, sanenanso zoona. Kageji kanu kanu ka m'galimoto n'kotsika mtengo kuposa tayala limodzi la kaunjika.

Chule_wa_pa_M1:
Pa mpweya pokha ndiye tagwirizana a Makaniko.

Nachisale_47:
Ndabwera ndi lipoti abale. Ndinapita ndi mlongo wanga, tinatenga tochi ndi kapepala kolemba zonse munanena. Ndagula awiri atsopano otsika mtengo, 175/70R14 84T, opangidwa chaka chatha, ndi awiri a kaunjika ofanana dzina, a 2022, opanda chigamba mkati. Pa mulu umene tinasankhapo, ambiri mwa a mano akuya anali STUDLESS, ndipo limodzi linali losema ndithu, timapiri tija panalibe. Atsopano ndaika kumbuyo. A Chule mundikhululukire, mvula ili pafupi ndipo pa zimenezi ndatsata a Makaniko.

Limu inapindikadi mkati, aiwongola. Atakweza galimoto anapezanso kuti tie rod end yakumanzere, kachitsulo kolumikiza chiwongolero ndi wilo, ikugwedera, ndiye ndasinthitsa ndisanapange alignment. Ndalama zinaperewera pamenepo, ndatapako ku banki m'khonde. Dzimbiri kunsi lilipo pang'ono pa ekizozi, kwina kuli bwino. Kasipeya kaja kanali ndi mpweya wosafika ndi theka lomwe, takapopa. Phokoso limene ndinkamva pa phula, lomwe ndinkayesa kuti ndi mmene Sienta imalirira, latha. Anyamata aja akufuna kugula akale atatuwo ndi lotupa lomwe, akuti andipatsako kangachepe. Ndiwapatse?

Tsabola:
Mwasankha bwino mayi, a 2022 amenewo akutumikirani. Kaunjika wotere ndi amene ndimanena ine.

MakanikoWaBiwi:
Mukayenda makilomita 50 mpaka 100 mubwerere akamangenso manati onse, makamaka pa limu yowongoledwayo, ndipo m'mawa wa ulendo wa ku Mzimba muyeze mpweya wa onse asanu. Chiwongolero chikamanjenjemera pakati pa 80 ndi 100 km pa ola, limu imeneyo sinawongoke bwino, musailekerere.

Akalewo musawagulitse ali amphumphu. Anyamatawo akawagula, mawa lotupalo alimata chigamba, alipaka polishi, ligulidwe ndi mayi wina wonyamulanso ana. Auzeni adule khoma la lililonse ndi mpeni inu mukuona, kenako muwapatse osoka nkhwaira kapena opanga zingwe, iwo amangofuna labala.

Nachisale_47:
Adula onse anayi ine ndili pomwepo. Atatu atenga bambo wina wosoka nkhwaira, limodzi ndabwera nalo kunyumba, ana akufuna kudzalamo anyezi.